Nyumba ya Mandala ndi Amene Adaumba Njerwa Zake

Ife a ku Kanjedza tikakwera minibasi ya ku Blantyre n'kupitirira pa Ginnery Corner, timadutsa pafupi ndi nyumba yakale koposa mwa nyumba za Azungu zimene zikadalipo m'dziko muno. Dzina la Mandala timalidziŵa tonse, koma ambiri a ife sitidapondemo m'nyumbamo. Loŵeruka lina ndidapitako ndi ana anga aŵiri, ndipo ndafuna tikambirane zimene ndidaonako.

Nyumbayi idamangidwa m'chaka cha 1882. Eni ake anali kampani imene idadziŵika ndi dzina loti African Lakes, yomwe idakhazikitsidwa ku Glasgow m'chaka cha 1878 kuti izitumikira amishoni ndi kubweretsa malonda oloŵa m'malo mwa malonda a ukapolo, monga momwe David Livingstone adafunira. Oyendetsa ntchito zake anali anthu aŵiri apachibale, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi onyezimira, choncho anthu adamutcha Mandala, ndipo dzinalo lidagwera nyumba, masitolo a kampaniyo ndi dera lonselo.

Choyamba tiyamikire amene aisamala. Nyumba yosanja ya njerwa zadothi kukhalapobe patapita zaka zoposa 140, mumzinda umene zakale zimagwetsedwa mosaganizira, ndi chinthu chofunika ulemu. Khonde lake ndi lalikulu ndiponso lozizira bwino. Pansi pali zojambula ndi ziboliboli za amisiri athu. Pamwamba pali nyumba ya mabuku ya bungwe la Society of Malawi, limene lidayamba m'chaka cha 1946, ndipo wofuna kudziŵa mbiri ya dziko lino angathe kukhalamo tsiku lathunthu osatopa.

Koma tili pakhondepo, mwana wanga wamng'ono adagwira khoma n'kufunsa kuti, "Atate, nanga adaumba njerwazi ndani?" Funso limeneli ndilo lidandiwonetsa chimene chikusoŵa pa kafotokozedwe kathu ka mbiri ya nyumbayi. Magalasi a mwini nyumba tikuŵakumbukira mpaka lero, pamene manja amene adaponda dothi, kuumba njerwa ndi kudula mitengo ya denga taŵaiŵala.

Ganizaninso za amtengatenga. Sitima zochokera kunyanja yamchere zinkalekeza kwa Katunga chifukwa cha mathithi a mu Shire. Kuchokera kumeneko katundu yense ankayenda pamutu pa anthu, kukwera mapiri mpaka ku Mandala, kenaka kutsikira ku Matope kumene sitima zina zinkadikira. Nsalu ndi mikanda zinkakwera, minyanga ya njovu inkatsika, ndipo malipiro a osenzawo kaŵirikaŵiri anali mikono yoŵerengeka ya nsalu. Ena mwa iwo ndi makolo a ife amene tikukhala ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Kanjedza lero lino.

Sindikunena kuti abale a Moir tiŵanyoze. Kampani yao idamenyana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga, kuyambira 1887 mpaka 1889, ndipo onse aŵiri adavulala pa nkhondoyo. Komabe kampani yomweyo idatenga malo aakulu kwa mafumu ndipo idadalira thukuta la anthu olipidwa pang'ono. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe adathyola nkhokwe ya mfuti ya pa Mandala. Patangopita masiku ochepa mishoni yathu ya ku Nguludi idatenthedwa, ndipo Bambo Swelsen adavulazidwa kwambiri. Nkhani zonsezi, zokoma ndi zoŵaŵa, mwana wa Chikatolika ayenera kuzimva pamodzi, pakuti womva mbali imodzi yokha amakula ndi chidani kapena ndi mtima wodzipeputsa.

Vuto lina nlakuti zambiri zolembedwa za nthaŵi imeneyo zili m'Chingerezi ndipo adalemba ndi alendo omwewo. Mau a makolo athu adatsalira m'kamwa mwa agogo, amene akutha mmodzimmodzi. Apa mlandu ndi wathu. Chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuti Mulungu adamva kulira kwa oumba njerwa ku Ejipito, ndiye ife sitingayese oumba njerwa a kwathu ngati anthu opanda maina.

Nchifukwa chake ndikupempha makolo ndi atsogoleri a Limana kuti mupite nao ana ku Mandala. Musanapite, akhale kaye pansi ndi agogo ao, afunse kumene mtundu wao udachokera ndi ntchito imene makolo ankagwira, ndipo alembe mainawo m'kope. Mwezi wa Novembala ukafika, pamene Mpingo umapempherera omwalira, maina amenewo atchulidwe pa nsembe ya Misa. Ife tayamba kale ndi dzina la agogo a mai anga, amene ankasenza katundu pa njira ya ku Matope.