Kuphunzira utoto wamafuta pokopera chithunzi cha khamu

Kukopera ntchito ya katswiri wakale ndi njira imene ojambula akhala akuphunzirira utoto wamafuta kwa zaka mazanamazana. Ku Kabwe, monganso m'matauni ena a Zambia, wophunzira amakonda kuyambira pa nkhope imodzi ya pafoni, ndipo wogula amangofunsa kuti, "Kodi wafanana?" Muyeso umenewu ngoperewera kwambiri. Dzanja limazolowera kulondola mphuno ndi milomo, diso n'kutsala losaphunzira kanthu.

Mphunzitsi weniweni ndi chithunzi cha khamu. Chotchuka ndi The School of Athens, chimene Raphael anajambula pakhoma ku Vatican pakati pa 1509 ndi 1511. Muli anthu oposa 50, Plato ndi Aristotle ali pakatikati. Ndi cha mtundu wa fresco: utoto wosungunulira madzi umapakidwa papulasitala wa laimu asanaume, gawo la tsiku limodzi lokha, moti wojambula amayenera kudziwiratu zonse asanagwire burashi. Utoto wamafuta umatenga masiku kuti uume. Kuchedwako n'kumene kumapweteka ophunzira, chifukwa amasisita malo amodzi mpaka mitundu yonse itasanduka matope. Wokopera fresco amatengerako khalidwe losankhiratu.

Ambiri amayamba ndi kugawa chithunzi m'timabokosi kuti asaphonye miyezo. Imeneyo ndi ntchito ya rula basi. Phunziro lagona pa utoto umodzi wofiirira ngati dothi, wosungunulidwa ndi turpentine, umene umapakidwa pachinsalu chonse. Kenaka wojambula amakulunga kansanza kuchala n'kumapukuta paliponse pamene pagwa kuwala. Akatsinzina pang'ono, anthu onse aja amasanduka magulu ochepa, ena mumthunzi, ena poyera. Apo m'pamene nzeru za Raphael zimaonekera. Mitu ya Plato ndi Aristotle ili pakhomo loonetsa thambo, ndipo diso limathamangira pomwepo. Diogenes wagonera yekha pamasitepe, ndipo danga lomuzungulira limapatsa khamu lonse popumira. Palibe nkhope imene yajambulidwa, koma chithunzi chaima kale!

Mitundu imabwera utoto wofiirira uja utauma. Yoyamba imakhala yopyapyala, yapamwamba ndiyo imachuluka mafuta a linseed. Akasinthanitsa, utoto umang'ambika pouma. Maso, zala ndi makwinya a zovala ndi zomalizira, ndipo kwa anthu akumbuyo kadontho ka burashi kamakwanira.

Luso limeneli si lachilendo ku Zambia. Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje mu 1943 n'kumwalira mu 1987, anajambula Destiny, mmene namtindi wa anthu ukupanikizana pantchito kutsogolo kwa mzinda waukulu. Chithunzicho chili m'manja mwa Lechwe Trust ku Lusaka, ndipo n'choyenera kukoperedwa ngati cha Raphael chomwe.

Kabwe nayo sisowa makamu. Pali mkuyu waukulu wa pakati pa tauni umene unali pokumanira anthu kuyambira masiku amene tauniyi inkatchedwa Broken Hill, apaulendo a pasiteshoni ya sitima, amgodi otuluka pantchito mgodi usanatsekedwe mu 1994, ndi msonkhano wa chipani cha UNIP pathanthwe la Mulungushi mu 1960. Wongodziwa nkhope imodzi amafoletsa anthu amenewa pamzere ngati pachithunzi cha ukwati. Amene anapukutapo kuwala ndi kansanza ndiye angathe kuwajambula.