Luso la Alembi Pofotokoza Amayi Ochereza Alendo

Amene anazolowera kumva za amayi a m'Buku Lopatulika pa misonkhano ya Chigwirizano, ya Mvano kapena ya amayi a Dorika, kumene Rebeka, Abigayeli ndi Marita amatchulidwa motsatizana ngati ana a mimba imodzi, angayese kuti alembi a mbirizi anali alangizi ongofuna kutiphunzitsa mwambo. Koma munthu akakhala pansi nawerenga mosafulumira, adzapeza kuti anali amisiri a kafotokozedwe, amene sachulutsa mayamiko, namangoonetsa chimene manja a mayi anagwira, kuti wowerenga aweruze yekha za mtima wake.

Luso limeneli lioneka poyera pa 1 Samueli 25. Davide, atanyozedwa ndi Nabala, mwini chuma wa ku Maoni, anamanga lupanga m'chiuno nanyamuka ndi amuna ngati 400. Ndipo pamene tikuyembekeza kumva za mwazi, mlembi atilowetsa m'nyumba, nayamba kuwerenga zimene Abigayeli, mkazi wa Nabala, anasenzetsa abulu: mikate 200, matumba achikopa awiri a vinyo, nkhosa zisanu zowotcheratu, miyeso isanu ya tirigu wokazinga, nchinchi za mphesa zouma 100 ndi za nkhuyu 200. Wowerenga waulesi adumpha mndandanda umenewu, osadziwa kuti nkhani yonse yatsamira pamenepa, pakuti mayi amene angathe kutulutsa zonsezi mwamsanga, osafunsa mwamuna wake, ndiye amene anali kusunga mudziwo kuyambira kale. Taonaninso kuleza kwake: atabwerako kwa Davide napeza Nabala ataledzera pa phwando, sanamuuze kanthu kufikira kutacha, vinyo atamuchoka. Mlaliki amene amtchula Abigayeli monga chitsanzo cha kugonja chabe wasiya theka la nkhani, popeza mlembi anatipatsa mkhalapakati wodziwa nthawi yolankhula, amene anatsekereza nkhondo ndi chakudya.

Kwa Rebeka, pa Genesis 24, luso lagona pa liwiro. Mtumiki wa Abrahamu aima chete, ngamila zake khumi zitagwada pa chitsime, pamene namwaliyo atsitsa mtsuko, athira m'chomwera, nathamangiranso kukatunga. Ndipo aliyense amene anasenzapo madzi adziwa kulemera kwa ntchito imene mlembi waipinda m'mawu ochepa chotero.

Koma kwa ine mbiri yosemedwa bwino koposa ndi ya mayi wa ku Sunemu, pa 2 Mafumu 4, amene ngakhale dzina lake silinalembedwe. Iye anapempha mwamuna wake kuti amangire Elisa kachipinda, naikemo kama, gome, mpando ndi choikapo nyali. Zinthu zinayi zokha, zokwanira kuti mneneri agone, adye, akhale ndi kuona usiku, popanda chodzionetsera nacho. Makolo athu anati kupatsa n'kuika, ndipo tikadayembekeza kuti mayiyu atapeko pa nkhokwe imene anaikiza. Koma pamene Elisa anafuna kumunenera kwa mfumu kapena kwa kazembe wa nkhondo, iye anayankha mwaulemu kuti ali bwino pakati pa abale ake. Mlembi sanawonjezepo ndemanga. Chifukwa cha kudziletsa kumeneku, mawu owawa amene mayiyo analankhula pambuyo pake, mwana amene anapatsidwa osapempha atamwalira pa maondo ake, atilasa kwambiri, pakuti tamva dandaulo la munthu amene sanazolowere kupempha.

Tisaiwale, ngakhale sitimtchula kawirikawiri pa mapemphero a amayi, kuti Yaeli nayenso analandira mlendo, nampatsa mkaka pamene anapempha madzi, namfunda, asanatenge chikhomo cha hema ndi nyundo kuti amuphe. Wolemba Oweruza 4 awerenga zimenezi ndi mtima wofatsa womwewo, ndipo m'menemo ndimo muli kuopsa kwake.

Luka naye anali mmisiri wa nyumba yomweyi. Pa Machitidwe 9, Tabita wa ku Yopa, amene anatchedwanso Dorika, salankhula liwu ngakhale limodzi; amene amchitira umboni ndi amasiye olira, akuonetsa Petro malaya ndi zovala zimene iye anasoka akali moyo. Pa za Marita ndi Mariya, mu Luka 10, ndi pamene alaliki ambiri apunthwa, poti afulumira kudzudzula wophika ndi kuyamika womvera, kuiwala kuti mlembi anayamba ndi kunena kuti Marita ndiye analandira Yesu m'nyumba mwake, ndi kuti Ambuye pomudzudzula anamuitana dzina kawiri, monga tichita ndi munthu wapamtima. Luka aleka nkhaniyo pa mawu a Yesu, osatiuza ngati Marita anakhala pansi kapena anabwerera ku mafuwa. Ndipo mu Yohane 12, pa mgonero wa ku Betaniya, timpezanso Marita yemweyo ali kutumikira, popanda womletsa.