Maso Ndi a Msewu

Pa ntchito yathu yomasulira pali muyezo wosavuta: wowerenga akaima pakati pa chiganizo n'kuyamba kusakasaka tanthauzo, womasulira walephera. Muyezo womwewu ndikufuna ndiyezere chinthu chomwe si buku, sikirini yodina ndi chala imene anthu akuika m'malo mwa wailesi zakale m'magalimoto awo. Nayonso ndi ntchito ya womasulira. Yatenga chiyankhulo cha manja, cha mabatani opotokola ndi okankha, n'kuchisandutsa chiyankhulo cha maso. Kwa ine mamasuliridwe amenewa ndi operewera, ndipo kuperewera kwake kumaonekera bwino ku Nkaneng.

Nkaneng ndi mudzi wa zisakasa za malata pafupi ndi mgodi wa pulatinamu wa Marikana, kum'mawa kwa Rustenburg. Dzinali likuchokera ku liwu lakuti inkani, lomwe Mchewa salichedwera kumva: makani. Anthu anakhalapo mwamakani chifukwa kwina kokhala kunalibe. Chapafupi pomwepo m'pamene apolisi anapha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi pa 16 August 2012, pa sitiraka yofuna malipiro a R12,500 pamwezi. Kampani ya Lonmin inali italonjeza nyumba 5,500, koma komiti yofufuza ya Farlam inamva kuti zomangidwa zinali zitatu. Misewu yambiri ya m'mudzimu ndi yadothi: chilimwe fumbi, dzinja matope. Ana, mbuzi, matakisi ndi anthu ochokera ku shifiti ya usiku onse amagawana njira imodzi.

Wotsatsa sikirini saonetsa msewu wotere. Chithunzi chake chimakhala cha phula losalala ngati la N4, dzanja lili phee. Koma pamsewu wa maenje chala chimadumpha. Ukati utsitse mawu, wasintha nyimbo. Batani lopotokola dzanja limalipeza lokha ngakhale mumdima, monga momwe limapezera pakamwa podya nsima. Chithunzi cha batani pagalasi sichimveka m'chala, choncho diso liyenera kuchoka pamsewu kukachifuna.

Izi zinayezedwa. Mu 2022 magazini ya ku Sweden ya Vi Bilägare inapatsa madalaivala ntchito zing'onozing'ono, monga kusintha siteshoni ya wailesi, galimoto ikuthamanga makilomita 110 pa ola. Mu Volvo V70 ya 2005, ya mabatani okhaokha, ntchitoyo inatha m'masekondi 10. Mu MG Marvel R ya sikirini yaikulu inatenga masekondi opitirira 40. Mu 2020 kafukufuku wa bungwe la IAM RoadSmart ku Britain anapeza kuti wodina Android Auto kapena Apple CarPlay ndi chala amachedwa kuchitapo kanthu pangozi kuposa amene wamwa mowa kufika pa mlingo wololedwa. N'chifukwa chake Euro NCAP, bungwe loyeza chitetezo cha magalimoto ku Ulaya, linalengeza kuti kuyambira 2026 galimoto yofuna nyenyezi zisanu ikhale ndi mabatani enieni a hutala, mawayipa, maindiketa ndi hazadi. Opanga magalimoto akubwerera ku batani pa nthawi imene ife tikulizula m'ma Polo Vivo ndi ma Tazz athu.

Sindikunena kuti sikirini ilibe phindu. Kamera yobwerera m'mbuyo imaona mwana amene galasi silimuona, ndipo pakati pa zisakasa zothinana umenewo ndi moyo wa munthu. Kuyankha foni popanda kuigwira kumathandiza wa takisi. Kwathu ku Malawi palinso chifukwa china: magalimoto ochokera ku Japan amabwera ndi sikirini yolembedwa m'Chijapani komanso wailesi yolekezera pa 90 MHz, moti masiteshoni ambiri sagwira. Wosintha chipangizo chotere akungofuna kuti galimoto yake imuyankhule zomveka.

Koma nayo sikirini yatsopanoyo imayankhula chiyani? Ku Nkaneng mumamva Chixhosa, Chisotho, Chitswana, Chitsonga, ndi Chifanakalo cha pansi pa mgodi, chimene agogo athu a ku Wenela ankabwera nacho kumudzi. Sikirini zotchipa za Android zimabwera ndi Chingelezi chomasuliridwa mwachisawawa kuchokera ku Chitchaina, chimene ngakhale mphunzitsi wa Chingelezi amayamba wakanda m'mutu. Dalaivala amamasulira kawiri, kuchokera ku chithunzi kupita ku liwu, kuchokera ku liwu kupita ku chiyankhulo chake, uku galimoto ikuyenda.

Tsono ngati mwatsimikiza zogula, chiweruzo changa n'chotere. Yambani mwayeza bowo la dashibodi: m'lifupi ndi masentimita 18, msinkhu ndi 5 pa single DIN kapena 10 pa double DIN. Sankhani yokhala ndi batani lenileni lopotokola la mawu, ngakhale galasi lake likhale laling'ono. Ngati chiwongolero chanu chili ndi mabatani, funsani kachipangizo kolumikizira kuti asafe. Iyatseni padzuwa la masana musanalipire, chifukwa zambiri zimawala mu shopu mokha. Ya RAM yochepa imachedwa kuyankha, ndipo sekondi iliyonse yodikira ndi sekondi imene simukuona kutsogolo. Woika asasokoneze waya wachikasu, wolandira magetsi nthawi zonse, ndi wofiira wa kiyi. Akasokoneza, mwina wailesi izidzaiwala masiteshoni, mwina mudzadzuka batire itatha. Ndipo ngati wogulitsa akunyadira kuti yake imaonetsa mafilimu galimoto ikuyenda, kumbukirani chikomekome cha mkuyu.

Pulatinamu wambiri wa pansi pa Nkaneng amathera m'magalimoto a dziko lonse, m'chipangizo choyeretsa utsi. Mudziwu wapereka kale gawo lake ku galimoto, koma phula sunalandire. Pamene msewu uli chonchi, chotetezera mwana woyenda pansi ndi maso a dalaivala basi. Sikirini yabwino ndi imene imabwereka masowo kamphindi kochepa n'kuwabweza msanga.