Dzina Losatchulidwa: Kuwerenga Nostra Aetate 3 m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Pa 28 Okutobala 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatikani unatulutsa chikalata chotchedwa Nostra Aetate, chofotokoza m'mene Eklezia aonera zipembedzo zina. Maepiskopi 2,221 anachivomera, ndipo 88 okha ndiwo anachikana. Ndime yake yachitatu, imene ikamba za Asilamu, ndi yaifupi ndithu, yoti munthu nkuiwerenga yonse madzi a nsima asanafunde, komatu inasintha kalankhulidwe kamene Akhristu anakhala nako zaka zoposa chikwi. Muno tifuna kuiyesa ndimeyi monga m'mene imvekera kwa wansembe wogwira ntchito m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Tiona kuti zimene inena ndi zoona ndi zothandiza, koma ili ndi mipata iwiri: siitchula dzina la Muhammad, ndiponso ipempha kuti tiiwale zakale. Kwathu kuno mipata iwiriyi ikumana pamodzi, pakuti pamene dzina la mwini chipembedzo lisowa, m'maganizo a anthu mulowa nkhope ya Jumbe wa ku Nkhotakota.

Zimene ndimeyi inakonza

Kuti tiyamike ntchito ya Msonkhano, tiyambe takumbuka kumene tinachokera. Yohane Woyera wa ku Damasiko, amene anamwalira cha m'ma 749, anawerengera Chisilamu pa mndandanda wa mipatuko ya Chikhristu, nanena kuti Muhammad anatola maphunzitso ake kwa mmonke wotsata Arius. Mu 1142 Peter, mkulu wa amonke a ku Cluny, analamula Robert wa ku Ketton kuti amasulire Korani m'Chilatini, ndipo cholinga chake chinali kupeza zida zotsutsira bukulo. Chodabwitsa nchakuti pa nthawi yomweyo masukulu a Akhristu ankamwa pa chitsime cha Asilamu. Tomasi Woyera wa ku Aquino atchula kawirikawiri Ibn Sina, womwalira mu 1037, ndi Ibn Rushd, womwalira mu 1198. Mseminale aliyense amene anavutikapo ndi kusiyanitsa chimene chinthu chili ndi kukhalapo kwake, adziwe kuti Ibn Sina anayamba kulima munda umenewo Tomasi asanabadwe. Tinalandira nzeru za ophunzira, koma mphunzitsi wao wamkulu tinamnyoza.

Ndime yachitatu inayamba njira ina. Inena kuti Eklezia aona Asilamu ndi ulemu. Kuti iwo apembedza Mulungu mmodzi, wamoyo, wachifundo, wolenga. Kuti ayesetsa kumgonjera monga anachitira Abrahamu. Kuti alemekeza Yesu ngati mneneri ngakhale samvomera kuti ndi Mulungu. Kuti alemekeza Maria Virigo, ayembekeza tsiku la chiweruzo, napemphera, kupereka sadaka ndi kusala zakudya. M'mawu amenewa mumveka maganizo a Louis Massignon, amene anamwalira mu 1962, ndi dzanja la akatswiri monga Bambo Robert Caspar a chipani cha White Fathers ndi Bambo Georges Anawati a chipani cha Dominiko. Luso la alembiwo lili apa: anayamba ndi munthu wogwada pamaso pa Mulungu, ndipo mfundo iliyonse anaisankha mwakuti Msilamu aimve ngati yake, Mkhristu naye aisaine popanda kunama.

Mpata woyamba

Chikhulupiriro cha Msilamu chili ndi zigawo ziwiri: kuti Mulungu ndi mmodzi yekha, ndi kuti Muhammad ndi Mtumiki wake. Msonkhano unalandira chigawo choyamba, chachiwiri nkuchidumpha. M'ndime yonse mulibe dzina la Muhammad, mulibe Korani, mulibenso ulendo wa ku Mecca. Chifukwa chake nchomveka. Msonkhano womwewo, mu Dei Verbum, uphunzitsa kuti mwa Khristu Mulungu anatsiriza kudziulula, ndipo sitiyembekeza chivumbulutso china cha anthu onse. Kumutcha Muhammad mneneri monga amutchulira Asilamu kukanakhala kukana zimenezi, pamene kumutcha wonyenga kukanagwetsa zonse zimene ndimeyo inamanga. Maepiskopi anasankha kukhala chete.

Koma chete amene ali nzeru ku Roma asanduka vuto pa mphakati. Katekisti wa ku Mpherere, ku Nambuma kapena ku Mtengowanthenga, amene mwana wa mlongo wake wakwatiwa ndi Msilamu wa pa Mponela, afunsidwa molunjika kuti Muhammad anali yani, ndipo chikalata sichimpatsa yankho. Tsono iye ayankha ndi zimene anamva kwa agogo.

Zimene agogo anaona ziyenera kudziwika, pakuti akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, kunsi kwa mapiri a Ntchisi, nayamba ufumu wa a Jumbe. Minyanga ndi akapolo zinkatsika kumtunda, kuwoloka nyanja pa zombo, ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone anaona malondawo ndi maso ake mu 1863. Pa zaka zomwezo Angoni a Chiwere ankathira nkhondo midzi ya Achewa, anthu nkumabisala m'mapiri. Amishoni nawo anafika ndi chithunzi chokonzeka kale. A Dutch Reformed anatsegula Mvera mu 1889. A White Fathers, amene mwini chipani chao Kadinala Lavigerie analalika m'mizinda ya ku Ulaya mu 1888 motsutsa malonda a akapolo, anayesa kukhala kwa mfumu Mponda, Msilamu, kuyambira 1889 mpaka 1891, nachokako osabatiza mudzi, ndipo anabweranso mu 1902. Nchifukwa chake m'makutu a anthu ambiri a kuno Chisilamu, Mwarabu ndi goli zinamveka ngati chinthu chimodzi. Ngakhale dzina limene ena anawatcha Asilamu, loti Anasala, lifanana ndi Nasara, limene Korani itchula Akhristu. Sitinadziwane ngakhale maina.

Zimene mbiri itiuza

Mpata umenewu ungatsekedwe ndi maphunziro. Muhammad anabadwa ku Mecca cha m'ma 570, anakula ali wamasiye, nagwira ntchito ya malonda. Cha m'ma 610 anayamba kulalika Mulungu mmodzi, chiweruzo, ndi chilungamo kwa amasiye ndi osauka, pakati pa anthu opembedza mafano. Mu 622 anasamukira ku Medina, kumene anakhala mtsogoleri wa chipembedzo, woweruza milandu ndi mkulu wa nkhondo. Anamwalira mu 632.

Nkhani zambiri za moyo wake zinalembedwa mochedwa: Ibn Ishaq anamwalira cha m'ma 767, ndipo buku lake tilidziwa makamaka kudzera mwa Ibn Hisham, womwalira mu 833. Ife amene tiphunzira kufufuza magwero a Mabuku a Mthenga Wabwino tiyenera kuwerenga nkhanizi ndi chenjezo lomwelo. Komabe maziko ake ndi olimba. Mbiri ya Chiarmenia yotchedwa ya Sebeos, yolembedwa cha m'ma 660, imdziwa kale ngati wamalonda wolalika Mulungu wa Abrahamu, ndipo masamba a Korani osungidwa ku Birmingham, atayesedwa mu 2015, chikopa chake chinapezeka kuti ndi cha pakati pa 568 ndi 645.

Mbiriyo siibisa zowawa. Muli nkhondo ya ku Badr mu 624, muli kuphedwa kwa amuna a fuko la Chiyuda la Banu Qurayza mu 627, ndipo ukapolo sanauthetse. Mulinso kukhululukira adani ake ambiri polowa mu Mecca mu 630, muli lamulo loyamika kumasula akapolo, muli Bilal, kapolo womasulidwa wa magazi a ku Ethiopia, amene anali woyamba kuitanira anthu ku swala. Munthu wotere sakwana m'chithunzi cha Jumbe.

Mpata wachiwiri

Ndimeyi itha ndi pempho lakuti, popeza pakhala mikangano yambiri, onse aiwale zakale nayesetse kumvana. Alembiwo ankaganiza za nkhondo za mtanda ndi za maiko a ku Mediterranean. Kwa mdzukulu wa munthu amene anatsikira ku nyanja ali m'goli, mawu oti iwala ndi opepuka. Kwathu timati mlandu suwola, ndipo bwalo silithetsa mlandu poukwirira. Liyamba laumva wonse, kenaka nkuyanjanitsa. Chikalata chikanachita bwino kunena za kukhululuka, kumene kufuna kuti choona chinenedwe.

Choona chonsecho chitikhudza nafenso. M'chigwa cha Zambezi, ku Tete ndi ku Sena, akapolo ankagulitsidwa ndi anthu obatizidwa, ndipo zipani zina za ansembe zinali ndi minda yolimidwa ndi akapolo, mpaka Papa Gregory XVI anachita kudzudzula malondawo mu 1839. Ngati sitilola kuti Khristu aweruzidwe ndi ntchito za amalonda a ku Tete, tilibe ufulu woweruza Muhammad ndi zombo za ku Nkhotakota. Tikumbukenso kuti Chisilamu chinafalikira kwambiri m'Malawi ufumu wa a Jumbe utatha kale m'zaka za m'ma 1890, ndipo ochifalitsa anali mashehe ndi amwalimu oyenda pansi, monga Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anaphunzira ku Kilwa namwalira mu 1930.

Yankho la wansembe

Nanga katekisti uja timuuze chiyani? Chuma cha Eklezia chili ndi chitsanzo chimene Msonkhano sunagwiritse ntchito. Cha m'ma 781 Timoteo Woyamba, Patriaki wa Mpingo wa Kum'mawa ku Baghdad, anafunsidwa ndi Khalifa al-Mahdi funso lomwelo. Anayankha kuti Muhammad ayenera kuyamikidwa chifukwa anachotsa anthu ake ku mafano nawalozera kwa Mulungu mmodzi, monga ankachitira aneneri. Koma anakana kuti Mthenga Wabwino unalosera za iye, ndipo anaikira umboni Utatu Woyera ndi mtanda, zimene Korani ikana. Ulemu ndi kusiyana anaziika m'yankho limodzi, pamaso pa mfumu imene inali ndi mphamvu pa moyo wake.

Yankho lotere lifunika msanga. Pa kalembera wa 2018 Asilamu anali 13.8 peresenti ya Amalawi, ndipo ku Dzaleka, m'boma la Dowa momwemo, kumene kuyambira 1994 kukhala othawa nkhondo, kuli Asilamu a ku Somalia ndi a maiko ena. Asilamu asunga mbiri yakuti cha m'ma 615 otsatira oyamba a Muhammad, pothawa mazunzo ku Mecca, anabisala kwa mfumu ya Chikhristu ya ku Ethiopia, ndipo itamva zimene Korani inena za Maria inakana kuwapereka kwa adani ao. Iwo aidziwa nkhaniyi kuyambira ali ku madrasa. Abale anga ansembe ndi inu aseminale, Nostra Aetate inatsegula khomo. Maphunziro a moyo wa Muhammad, a Korani ndi a mbiri ya Nkhotakota ndiwo ayenera kulowa m'kalasi la seminale ndi m'sukulu za makatekisti, kuti wofunsa pa mphakati alandire yankho loona.