Galimoto ya Mawaya ndi Msewu Wosachepa

Pa kabati ya malume anga ku Ulongwe panali kagalimoto kachitsulo kamene anabwera nako kuchokera ku Joni. Kanali kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kofiira, ka nambala m'mbali, ndipo pamwamba pake panali chiphiko chachikulu ngati denga losasuka ndi mphepo. Ana tinkangololedwa kukayang'ana. "Iwe, usakagwire ako, penti ichoka," amatero malume tikangotambasula dzanja. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti tayala lakumbuyo la kudzanja lamanja linali lonenepa kuposa linzake, ndipo kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti opanga analakwitsa.

Ndinadzadziwa nditakula kuti sanalakwitse. Kagalimotoko kanali chifanizo cha magalimoto a mpikisano a ku America otchedwa sprint car, amene amathamanga pabwalo ladothi lozungulira monga la ku Knoxville m'chigawo cha Iowa. Amakhotera kumanzere kokhakokha, choncho tayala lalikulu la kumanja limathandiza galimoto kuzungulira, pamene phiko limaikanikizira pansi. Wopanga chidoleyo anaona zonsezi n'kuziika m'malo mwake. Zidole zamtunduwu amazipanga pothira mwamphamvu chitsulo chosungunula, zinki wosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono, m'chikombole, monga mmene ife timaumbira njerwa. Dinky Toys inayamba mu 1934 ku Liverpool, Matchbox mu 1953, Hot Wheels mu 1968, ndipo lero akuluakulu a ndevu zawo amazisonkhanitsa. Lamulo la luso la opanga zidolezi ndi mlingo: 1:64, 1:43, 1:24 kapena 1:18. Ikakhala 1:24, ndiye kuti chilichonse, kuyambira pa tayala mpaka pa chiwongolero, chachepetsedwa ka 24 ndendende. Munthu wosema chikombole chotere ndi mmisiri weniweni, ndipo ndimamuvulira chipewa.

Koma galimoto imene moyo wake wonse ndi matope, chifanizo chake chinali chisanapondepo dothi. Osonkhanitsa ambiri satsegula n'komwe bokosi, chifukwa likatsegulidwa mtengo umatsika. Tsiku lina malume atapita kudimba ndinakatulutsa panja kagalimoto kaja. Kanayenda mikono iwiri, kenako kamwala kochepa ngati njere ya chimanga kanakaimitsa nji.

Mwana wa ku Angonia amene amapanga galimoto ya mawaya alibe mwayi wochepetsa msewu. Galimoto amaichepetsa, koma njira ya ku Domwe imakhala momwe ilili, ya miyala, ya mizu, ya tingalande tosiyidwa ndi mvula ya mu Febuluwale. Kwa ine, luso lonse la galimoto ya mawaya lagona pamenepa. Mmisiri wamng'onoyu ayenera kuswa mlingo mwadala, ndipo ayenera kudziwa pouswera. Matayala amawakulitsa kuposa mmene alili pa galimoto yeniyeni, mimba ya galimoto amaikweza, koma mutu ndi thupi amazisiya zofanana ndi zimene anaona. Akakulitsa matayala mopyola, lole imasanduka thirakitala. Akawachepetsa kuti ioneke ngati yeniyeni, imakakamira pa mzera woyamba wa m'munda.

Ntchito imayamba ndi kusaka waya. Wokhuthala ndi wa mafupa a galimoto, wowonda ndi womangira. Wakale wa kumpanda amauwongola pousula ndi mwala pamwamba pa mwala unzake, ndipo mwana wodziwa amausula akuutembenuza pang'onopang'ono kuti usaphwatalale. Ena amatentha matayala akutha kuti apeze waya wa m'mphepete. Utsi wake ndi woipa pachifuwa, ndipo ndikanakonda akuluakulu akanamawapatsa ana zotsala za ku garaja m'malo mowasiya pa moto umenewo. Pulayazi ndi ya mwayi. Ambiri amapinda waya pa msomali wokhomera pamtengo, kapena pamphepete pa khasu. Waya wa kopa wa m'mota yakufa ndiwo womangira wabwino, chifukwa ndi wofewa ndipo umagona bwino. Mukafuna kudziwa dzanja la wopanga, yang'anani mfundo. Wodziwa amakulunga mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yogundana, nsonga n'kuibisa mkati kuti isabaye. Wophunzira amaunjika waya ngati chisa cha mpheta, koma mfundoyo imagwederabe.

Matayala ali ndi mapangidwe ake. Alipo amene amazunguliza waya pa botolo, n'kukulunga malegeni. Alipo amene amadula patapata wakutha mozungulira ndi mpeni wotentha. Alipo a zitini za polishi, zimene zimalira bwino pamiyala koma zimatha msanga pakati. Ine ndimakonda a patapata, awiri ophatikiza kumbuyo ngati lole yeniyeni, chifukwa amagwira dothi ndipo amasiya mapazi ooneka pafumbi.

Mayeso aakulu ali kutsogolo. Njira yapafupi ndi ya ngolo: ekiselo yonse imazungulira pamalo amodzi pakati, ndipo waya wautali wa chiwongolero umaikoka mwachindunji. Imagwira ntchito, koma mukakhota kwambiri galimoto imagwa chammbali, poti matayala onse awiri alowa pansi pa thupi. Njira ya akatswiri ndi yopatsa tayala lililonse pokhotera pake, n'kulumikiza awiriwo ndi kawaya kopingasa, monga zilili pa galimoto yeniyeni. Mwana amene wafika apa wagonapo chagada pansi pa lole yoima pamsika wa Lizulu, eni ake akukweza matumba a kachewere ndi kabichi, iye maso ali pa zitsulo. Palibe anamujambulira papepala. Ena amawonjezera masipuling'i opota pa msomali, ndipo mukaiona galimoto yotere ikudutsa pamizu, thupi lili phee pamene matayala akukwera ndi kutsika, mumadziwa kuti mwakumana ndi mmisiri. Chiwongolero chiyenera kufika pamchombo pa mwini wake. Chikafupika amayenda chowerama, chikatalika chimapindika ndipo galimoto imachedwa kumvera. Nchifukwa chake galimoto ya mkulu wako siikuyenera, ngakhale akupatse.

Pa maonekedwe, waya ndi mzere chabe, ndipo mmisiri wabwino ndi wouma manja pa mizere. Safuna yambiri. Galasi lakutsogolo loima chilili ndi boneti yafulati zakwana kuti aliyense anene kuti iyi ndi Land Cruiser. Nkhope yopanda mphuno ndi Canter kapena Fuso. Mphuno yaitali ndi mipope iwiri ya utsi ndi Freightliner, ya zija zimadutsa pa Calomue kulowera ku Dedza. Pakati pa mizereyo pali mpweya wokha, koma diso limadzazamo lokha chitsulo ndi magalasi. Ife amene tinakhalapo ku Dedza ndi ku Ntcheu pothawa nkhondo ya kwathu ku Angonia, tisanabwerere mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, tinkapanga malole a chakudya cha thandizo, a tenti ya nsanza kumbuyo, chifukwa ndiwo tinkawadikira ndi mtima wonse. Ana a lero amapanga minibasi ya chapa yodzaza ndi zitsononkho zoimira anthu, ndi njinga zamoto za kabaza.

Pali zimene sindigwirizana nazo. Ena amakuta galimoto yonse ndi malata a zitini kuti ifanane ndi ya m'sitolo. Imalemera, mizere yake imabisika, ndipo ekiselo imapindika isanathe sabata. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi magalimoto a mawaya ogulitsa kwa alendo m'matauni: waya wonyezimira watsopano, mikanda ya mitundumitundu, koma matayala akutsogolo omangirira, osakhota. Wopanga wotereyo wachotsa chinthu chokhacho chimene luso lathu limaposa nacho la chikombole. Amisiri a zidole zamatabwa a m'mphepete mwa msewu wa Khwekhwelere, wotsikira ku Golomoti, sindikuwaika m'gulu limeneli. Iwo asankha poyera njira ya pa kabati, ndipo ma Land Rover awo ndi osalala bwino, osemedwa mwachidwi. Buku la ana lotchedwa Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams mu 1990, linadziwitsa dziko za mwana wa ku Malawi wosakasaka mawaya, ndipo linachita bwino. Chimene chatsala n'chakuti eni akefe tizitha kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yoipa, m'malo mongoti ndi zoseweretsa za ana.

M'mwezi wa Julaye, kuzizira kwa ku Domwe kuja kukulowa m'mafupa, ndinapeza mnyamata wa zaka ngati khumi ndi ziwiri atakhala pakhonde la golosale, galimoto ataigoneka chagada pamiyendo. Inali yampikisano, yaifupi, yotambalala, ndipo kumbuyo anaiika phiko la chigamba cha chigubu. Ankamasula kawaya kopingasa kakutsogolo.

"Yatani galimotoyo, iwe?" ndinamufunsa.

"Ikukokera kumanzere, bambo. Tayala ili layang'ana kunja."

Anapinda nsonga ya wayayo ndi mano pang'ono chabe, anamanganso, anaimirira n'kuiyendetsa mikono khumi atasiya chiwongolero pachala chimodzi. Anapukusa mutu, anakhalanso pansi, anamasulanso. Ulendo wachitatu inayenda mowongoka. Anzake anayi anali atandanda kale pamzere wolemba ndi phazi, injini zikulira m'kamwa, ndipo njira yawo inali yozungulira chulu, kutsikira kudambo n'kubwerera pa mjigo. Pokhota pachulupo anaiponya chammbali, matayala a patapata anakwapula fumbi lofiira, phiko linagwedera koma silinagwe.