Mwana wa ku Shikabeta ali pati m'nkhani ya NHIMA?

M'kalasi ndimauza ana kuti akawerenga nthano azifunsa kuti mwini nkhani ndani, nanga amene wangoikidwa kumbali ndani. Lamulo la inshuwalansi ya umoyo la mu 2018, limene linabala NHIMA, nalonso liyenera kufunsidwa cimodzimodzi.

Mwini nkhani m'lamuloli ndi munthu wa payslip, monga ine. Mwezi uliwonse amandidula 1 peresenti ya malipiro, ondilemba nchito naonso amaikapo 1 peresenti. Mwana amalowa kudzera pa dzina la kholo limene likupereka.

Tsopano nkhaniyi ipititseni ku Shikabeta m'boma la Rufunsa, kutali ndi tala ya Great East Road. Mlimi wa kumeneko amagwira ndalama akagulitsa zokolola, kamodzi pa caka. Kulembetsa amaloledwa, inde, koma kupereka mwezi ndi mwezi n'kwa munthu wolandira mwezi ndi mwezi. Kholo likalephera, mwana amene sanalakwe ciliconse ndiye amatsala panja.

Ena adzati kukiliniki n'kwaulere, popeza boma la a Levy Mwanawasa linacotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006. N'zoona. Koma ulerewo umathera pakhomo pa kiliniki. Mankhwala akasowa, mayi amauzidwa kukagula. Matenda akakula, mwana amatumizidwa ku St Luke's ku Mpanshya, mwina mpaka ku Lusaka. Pamenepo m'pamene mbuzi imagulitsidwa. Ngakhale wokhala ndi khadi, mafamasi ambiri olandira NHIMA ali m'matauni, ndipo khadi silikweza munthu galimoto.

Lamuloli sindikulitaya. Kusonkha pamodzi kuti wodwala asalipire yekha ndi nzeru yabwino, yofanana ndi cilimba ca amayi a pamsika. Cimene ndikukana ndi malo amene mwana wapatsidwa. Ku Ghana, ana osakwana zaka 18 salipitsidwa zopereka za inshuwalansi ya boma. Kunonso mwana alembedwe m'dzina lake tsiku limene alandira khadi la sikelo, boma limulipirire kucokera ku misonkho.

Inu a ku Kanyama ndi Chawama, musaone ngati izi n'zakumudzi cabe. Ngati amayi anu amagulitsa tomato ku Soweto, pitani mukawafunse ngati mng'ono wanu analembedwa.