Mabuku Akale M'makompyuta: Kalembedwe Kaiŵalika

Kuyambira mu 2004, pamene kampani ya Google inayamba kujambula mabuku a m'malaibulale a mayunivesite monga Michigan, Harvard ndi Oxford, mabuku ambiri akale afika pa intaneti, ena mwa iwo a Chinyanja. Ntchitoyi njotamandika, pakuti mapepala amafumbwa ndi kung'ambika. Komabe ili ndi chilema chimene eni malaibulale sanachilabadire mokwanira.

Chithunzi cha tsamba chimatuluka bwino, koma makina osandutsa chithunzicho kukhala malembo anazoloŵera zinenero za ku Ulaya. Kaŵirikaŵiri amataya kadenga ka pa ŵ, ndiponso nkhodolero ya mu ng'. Motero "ng'oma" imasanduka "ngoma", chida choimbira nkukhala nyama ya m'tchire.

Vuto lokulirapo nla kalembedwe kakale. Buku Lopatulika lakale linalemba c pamene malamulo a Bungwe la Chicheŵa anadzalamula ch. Wofufuza akafuna "chifukwa" pa kompyuta, "cifukwa" samupeza, ndipo angaganize kuti liwulo mulibe m'bukumo. Kwa wosonkhanitsa mawu a mtanthauziramawu, kumeneku nkusokeretsedwa.

Ena amati malembo akalewo angokonzedwa kuti afanane ndi a lero. Maganizo ameneŵa ngolakwika, pakuti kutero nkufafaniza umboni wa mmene kalembedwe kasinthira. Chofunika nchakuti tsamba lisiyidwe mmene linasindikizidwira, koma pakhale mndandanda wolumikiza kalembedwe kakale ndi katsopano, wokonzedwa ndi akatswiri a chinenero pamodzi ndi osunga mabuku.